Mavoti a papositi: malamulo ang'onoang'ono amene amasunga kapena kugwetsa chisankho

Pa 1 Julayi 2016, bwalo lamilandu loona za malamulo oyendetsera dziko ku Austria lidafafaniza zotsatira za chisankho cha mtsogoleri wa dzikolo, ngakhale kuti silidapeze umboni woti wina adaba voti ngakhale imodzi. Chimene oweruza adapeza n'choti m'madera 14 akuluakulu oyendetsa chisankho adaphwanya malamulo a kawerengedwe ka mavoti obwera pa positi. Kwina maenvulopu adatsegulidwa nthawi yake isanakwane, kwina adatsegulidwa ndi anthu amene lamulo silidawapatse mphamvu yotero, ndipo kwina mamembala a komiti ya chisankho adasayina zikalata zoikira umboni ntchito imene sadaione ndi maso awo.

Pachisankhocho, chomwe chidachitika pa 22 Meyi chaka chomwecho, a Alexander Van der Bellen adaposa a Norbert Hofer a chipani cha FPÖ ndi mavoti 30,863 okha mwa mavoti oposa 4.4 miliyoni. Usiku wa tsiku lovota, atawerenga mavoti a m'mabokosi okha, amene ankatsogola adali a Hofer. Zinthu zidatembenuka tsiku lotsatira, mavoti a papositi oposa 700,000 atalowa m'chiwerengero. Mavoti amene adakhudzidwa ndi kuphwanya malamuloku adalipo 77,926, kuposa kuwirikiza kawiri kusiyana kwa anthu awiriwo. Kwa oweruza izi zidali zokwanira. Kuyambira kale bwaloli limatsata mfundo yoti wodandaula sayenera kutsimikiza kuti chinyengo chidachitikadi. Chofunika n'kuonetsa kuti lamulo lidaphwanyidwa pa mavoti ochuluka moti akadatha kusintha wopambana.

Munthu atha kudabwa kuti dziko lingabwezerenji nzika zoposa 6 miliyoni kukavotanso chifukwa cha envulopu yong'ambidwa Lamulungu usiku m'malo mwa Lolemba m'mawa. Yankho lake lagona pa kusiyana kwa voti yoponyedwa pamalo ovotera ndi voti ya munthu amene sadafikepo. Pamalo ovotera chilichonse chimachitika anthu akuona, kupatula chinthu chimodzi. Wovota amafika yekha, dzina lake amaliyang'ana m'kaundula, m'maiko ngati Malawi amamupaka inki kuchala, amalowa yekha m'kachipinda, ndipo pepala limachoka m'manja mwake n'kugwera m'bokosi oimira zipani akupenya. Chobisika ndi dzina limene wachonga basi. Voti ya papositi ilibe zonsezi. Imachongedwa patebulo la pakhomo, m'chipinda cha odwala kapena kumsasa wa asilikali, imadutsa m'manja mwa anthu angapo, ndipo imagona masiku m'thumba la makalata ndi m'kabati ya muofesi. Kotero ntchito imene maso a mboni amagwira pamalo ovotera, pa voti ya papositi imagwiridwa ndi envulopu, siginecha, chidindo ndi wotchi. Chimodzi mwa izi chikanyozeredwa, sipakhalanso njira ina yodziwira ngati votiyo ndi ya mwini wake.

Woyenera kuvota ali kutali ndani

M'maiko ambiri amene adayambitsa njirayi, adaitsegulira asilikali poyamba. Ku America, pachisankho cha 1864 nkhondo yapachiweniweni ili mkati, zigawo zambiri za kumpoto zidalola asilikali awo kuvota ali kumisasa. Ku Britain lamulo la 1918 lidapereka mwayi womwewo kwa amene ankatumikira kunkhondo, ndipo patapita zaka 30 udafikira anthu wamba odwala ndi olumala. Ku West Germany kuvota pa positi kudayamba mu 1957. Pamasiku amenewo munthu ankayenera kupereka chifukwa chomveka chomulepheretsa kufika pamalo ovotera, ndipo amene ankagwiritsa ntchito njirayi adali ochepa moti kawirikawiri mavoti awo sankasintha kanthu.

Zinthu zidasintha pamene maiko adachotsa lamulo lopereka chifukwa. Britain idatero kuyambira 2001, Germany mu 2008, ndipo Austria idatsegulira nzika za mkati mwa dziko njirayi mu 2007. Anthu a m'chigawo cha Oregon ku America adapita patali mu 1998 pomwe adavomereza kuti zisankho zawo zonse ziziyendera pa positi. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utavuta, anthu pafupifupi 43 mwa 100 alionse amene adavota ku America adatumiza voti yawo pa positi, ndipo ku Germany mu 2021 chiwerengerochi chidafika pa 47 mwa 100 alionse. Komabe si onse adatsata njira imeneyi. France idathetsa kuvota pa positi mu 1975 chifukwa cha chinyengo chimene chidachuluka makamaka pachilumba cha Corsica, ndipo m'malo mwake munthu amene sakhalapo amasankha mnzake womudalira kuti akamuvotere, atalembetsa kaye kwa akuluakulu a boma.

Lamulo lililonse la mavoti a anthu amene ali kutali limalimbana ndi zofuna ziwiri zosagwirizana. Boma liyenera kudziwa amene wavota, kuti asavote kawiri ndiponso kuti wina asavote m'dzina lake. Boma lomwelo siliyenera kudziwa amene munthuyo wamusankha. Njira imene maiko ambiri adapeza ndi ya maenvulopu awiri. Pepala lochongedwa limalowa m'envulopu yaing'ono yopanda dzina, ndipo iyo imalowa m'envulopu yaikulu imene ili ndi dzina, nambala ndi lumbiro la wovota. Ku Austria wovota amasayina kutsimikiza kuti wachonga yekha, popanda womuonerera ndiponso popanda womukakamiza. Potsegula, akuluakulu amayamba ayang'ana envulopu yakunja. Ikakhala bwino amatulutsa yamkati, n'kuisakaniza ndi zinzake isanatsegulidwe, kuti pasakhale wodziwa kuti pepala ili lachokera kwa uje.

Apa ndi pamene pali mfundo imene anthu ambiri saizindikira. Maenvulopu awiriwa akangolekanitsidwa, sangabwezeredwenso pamodzi. Ngati zadziwika pambuyo pake kuti siginecha ina idali yabodza, pepala la munthu ameneyo lasowa kale m'mulu wa mapepala zikwizikwi, ndipo palibe angalichotse. N'chifukwa chake malamulo amaumirira kuti mphindi yolekanitsa maenvulopu ichitike pa nthawi yodziwika, mboni za mbali zonse zilipo. Ndi pokhapo pamene munthu angatsutse voti ndipo kutsutsa kwakeko n'kukhala ndi phindu. Makhoti ena amaumitsa kwambiri pa nkhani ya envulopu yamkati. Mu Sepitembala 2020 bwalo lalikulu la chigawo cha Pennsylvania lidagamula kuti pepala lofika lopanda envulopu yachinsinsi lisawerengedwe, ngakhale wovotayo ali nzika yolembetsa bwino lomwe.

Chinyengo cha ku Birmingham ndi ku Bladen

Kuti malamulowa sadalembedwe mwa mantha chabe, zidaoneka ku Birmingham, mzinda wachiwiri kukula ku Britain. Pachisankho cha makhansala cha mu Juni 2004, m'mawodi a Aston ndi Bordesley Green, mavoti a papositi ochuluka adabedwa, kusinthidwa kapena kuchongedwa ndi anthu ena. Usiku wina apolisi adapeza anthu a chipani m'nyumba yosungiramo katundu, mapepala ovotera ali mbwee patebulo. Mu Epulo 2005 woweruza Richard Mawrey adafafaniza zisankho za m'mawodi awiriwo, ndipo makhansala 6 a chipani cha Labour adachotsedwa pamipando, ngakhale kuti mmodzi mwa iwo bwalo la apilo lidadzamuyeretsa pa mlandu wa chinyengo. Chimene chidadabwitsa anthu n'kuphweka kwa chinyengocho. Pa nthawiyo munthu ankatha kupempha kuti pepala litumizidwe ku keyala ina iliyonse, ndipo padalibe siginecha yosungidwa muofesi yoti aifanizire ndi imene yabwera.

Nyumba ya Malamulo ya Britain idatseka mpatawu ndi lamulo la 2006, lomwe lidalamula kuti wopempha kuvota pa positi azipereka siginecha ndi tsiku lake lobadwa, ndipo ziwirizi azizilembanso potumiza voti kuti zifanizidwe. Lamulo lina la 2022 lidaonjezera kuti pempho lizichitidwanso zaka zitatu zilizonse, lidaletsa ochita kampeni kugwira mavoti a papositi a anthu ena kupatula achibale apafupi kapena amene akuwasamalira, ndipo lidaika malire akuti munthu mmodzi asapereke pamalo ovotera mavoti a anthu ena oposa asanu.

Ku America nkhani yofanana nayo idachitika mu 2018 m'chigawo cha North Carolina. A Mark Harris a chipani cha Republican ankatsogola ndi mavoti 905 pa mpando wa phungu wa dera lachisanu ndi chinayi, koma bungwe loyendetsa zisankho m'chigawocho lidakana kuvomereza zotsatira. Kafukufuku adaonetsa kuti m'boma la Bladen anthu olipidwa ankayenda khomo ndi khomo kutolera mavoti a papositi, ena asanamatidwe n'komwe, n'kumasayina ngati mboni pa mavoti amene sadaone akuchongedwa. Lamulo la kumeneko limafuna mboni ziwiri kapena mkulu wovomerezeka kulumbiritsa anthu, ndipo limaletsa munthu amene si wachibale wapafupi kutenga voti ya mnzake. Mu Febuluwale 2019 bungweli lidalamula chisankho chatsopano. Dera lonselo lidakhala lopanda phungu mpaka Sepitembala chaka chimenecho.

Koma kukhwimitsa malamulo nako kuli ndi mtengo wake, ndipo amene amaulipira nthawi zambiri si akuba. Nkhalamba imene dzanja lake layamba kunjenjemera siingasayine monga idasayinira zaka zapitazo. Ku Britain cholakwa chodziwika bwino n'choti munthu amalemba deti la tsikulo pamalo olemba tsiku lobadwa, ndipo voti yake imakanidwa. Iye amauzidwa ndi kalata chisankho chitapita kale. Zigawo zambiri za ku America zidaika lamulo loti wovota adziwitsidwe msanga ndi kupatsidwa masiku angapo okonza cholakwacho, ndipo iyi ndi njira yachilungamo koposa, ngakhale imafuna antchito ndi ndalama. Palinso vuto limodzi limene palibe lamulo lidalithetsa. Mutu wa banja ukaima pambali pa tebulo pamene mayi kapena mwana akuchonga, siginecha imakhala yoona, envulopu imakhala yomatidwa bwino, ndipo mkulu wa chisankho alibe poonera kuti voti imeneyo sidali yaufulu.

Nkhani ya nthawi

Funso lakuti voti ifike liti limaoneka ngati la makalaliki, koma lidagwedezapo dziko lalikulu. Pali njira ziwiri. Britain imafuna kuti voti ikhale itafika pofika 10 koloko usiku wa tsiku lovota, Germany pofika 6 koloko madzulo, ndipo yochedwa siwerengedwa ngakhale wochedwetsa atakhala a positi ofesi. Ubwino wake ndi woti palibe chokangana. Njira inayo imayang'ana chidindo cha positi: voti ikadindidwa pofika tsiku lovota imalandiridwa ngakhale ifike patapita masiku angapo. Pachisankho cha 2024, mwachitsanzo, chigawo cha California chinkadikira masiku 7. Njirayi imakomera wovota, koma imaika chisankho m'manja mwa chidindo chimene nthawi zina sichioneka bwino kapena sichidindidwa n'komwe.

Izi n'zimene zidachitika ku Florida m'chaka cha 2000, pamene a George W. Bush adaposa a Al Gore ndi mavoti 537 m'chigawocho, n'kutenga nawo utsogoleri wa dziko lonse. Chisankho chidali pa 7 Novembala, koma mavoti a nzika zokhala kunja ankaloledwa kufika mpaka pa 17 Novembala malinga ngati padali umboni woti adaponyedwa tsiku lovota lisanadutse. Makalata ambiri a asilikali amayenda opanda chidindo, ndipo mkangano udabuka wakuti mavoti otere atani nawo. Maloya a zipani ziwirizo adakhamukira m'maofesi a maboma, ndipo boma lililonse lidagamula mwa njira yake: envulopu imene idakanidwa kuno, inzake yofanana nayo idalandiridwa kutsidya. Mu Julayi 2001 nyuzipepala ya New York Times idapeza kuti mwa mavoti 2,490 a kunja amene adawerengedwa tsiku lovota litapita, 680 adali ndi zolakwika malinga ndi malamulo a chigawocho. Kafukufukuyo sadatsimikize kuti kuwachotsa kukadasintha wopambana. Chimene adaonetsa n'choti lamulo limodzi lidagwiritsidwa ntchito mosiyanasiyana pa nzika za chigawo chimodzi. Mu 2009 dziko la America lidakhazikitsa lamulo lotchedwa MOVE Act, lolamula kuti mapepala ovotera azitumizidwa kwa asilikali ndi nzika zokhala kunja kutatsala masiku osachepera 45 kuti chisankho chichitike.

Funso lina ndi lakuti maenvulopu ayambe kutsegulidwa liti. Kutsegula envulopu, kufaniza siginecha ndi kuwongola pepala kumadya nthawi kuposa kuwerenga kwenikweniko. Florida, itaphunzira pa zimene zidaigwera, imalola ntchitoyi kuyamba milungu ingapo chisankho chisanachitike, pomwe kuulula chiwerengero nthawi isanakwane ndi mlandu waukulu. Ku Pennsylvania mu 2020 lamulo silinkalola kugwira envulopu mpaka 7 koloko m'mawa wa tsiku lovota, chonsecho mavoti a papositi adalipo oposa 2.5 miliyoni. Florida idadziwa zotsatira usiku womwewo wa pa 3 Novembala, pomwe Pennsylvania idawerenga mpaka pa 7 Novembala wopambana asanadziwike. Popeza otsatira a Joe Biden ndiwo adavota kwambiri pa positi, a Donald Trump ankaoneka otsogola poyamba kenaka n'kumatsika tsiku ndi tsiku. Makhoti sadapeze chinyengo chosintha zotsatira, koma masiku anayi amenewo adakwanira kuti mphekesera zimere mizu. Britain idapeza njira yapakati: maenvulopu amatsegulidwa masiku angapo chisankho chisanafike oimira zipani ataitanidwa, mapepala amasungidwa chafufumimba kuti pochongedwa pasaoneke, ndipo usiku wowerenga amasakanizidwa ndi a m'mabokosi.

Chimene chidalakwika ku Austria

Lamulo la Austria la nthawi imeneyo lidali lomveka. Mavoti a papositi ankayenera kufika ku ofesi ya dera pofika 5 koloko madzulo a Lamulungu lovota, ndipo ankayenera kutsegulidwa kuyambira 9 koloko m'mawa wa Lolemba, pamaso pa komiti yonse ya chisankho ya deralo, momwe muli nthumwi za zipani. Mboni zimene zidaitanidwa kubwalo mu Juni 2016 zidafotokoza momwe zinthu zinkayendera kwenikweni. Mavoti a papositi ankachuluka chisankho chilichonse, koma nthawi yowerengera idali yomweyo, ndipo likulu linkafuna zotsatira Lolemba lomwelo. Nthumwi za zipani zidali anthu ongodzipereka, ambiri a iwo oyenera kukhala kuntchito kwawo tsikulo. Potero m'madera ena ogwira ntchito za boma adayamba kung'amba maenvulopu kapena kuwasanja Lamulungu usiku kapena Lolemba mbandakucha, mamembala a komiti n'kudzangofika kudzasayina. Ena adauza bwalo kuti akhala akuchita chomwecho kwa zaka zambiri popanda wodandaula. Ngakhale nthumwi za chipani cha FPÖ, chomwe chidakamang'ala kubwalo, zidali zitasayina nawo zikalata zonena kuti zonse zidayenda bwino.

Palibe chosonyeza kuti anthuwa adali ndi mtima wobera. Ambiri ankafuna kuti ntchito ithe pa nthawi yake, ndipo wogwira ntchito m'boma aliyense amaidziwa mtima umenewo. Koma siginecha ya membala wa komiti ndiyo umboni wokhawo umene dziko lili nawo woti envulopu idatsegulidwa mboni zikuona. Ikapezeka kuti idasayinidwa mwamwambo chabe, ndiye kuti mavoti 77,926 aja alibe woaikira umboni, kaya adali oona kaya ayi. Bwaloli, lomwe mkulu wake adali a Gerhart Holzinger, lidapezanso kuti unduna wa zam'dziko unkapereka zotsatira zoyambirira kwa atolankhani ndi mabungwe a kafukufuku malo ena ovotera asanatseke, ndipo lidati izinso n'zosemphana ndi ufulu wa chisankho.

Zotsatira za chigamulochi zidali zazikulu. Nthawi ya mtsogoleri wopuma, a Heinz Fischer, idatha pa 8 Julayi, ndipo kwa miyezi yoposa isanu ndi umodzi udindo wa mtsogoleri wa dziko udagwiridwa ndi atsogoleri atatu a Nyumba ya Malamulo mogwirizana, mmodzi mwa iwo ali a Hofer omwewo. Chisankho chobwereza chidaikidwa pa 2 Okutobala, koma mu Sepitembala zidadziwika kuti guluu wa maenvulopu ena ankamatuka yekha, zomwe zikadachititsa kuti mavoti a anthu osalakwa akanidwe. Nduna ya zam'dziko, a Wolfgang Sobotka, idalengeza kuti tsikulo lisunthidwa. Anthu adavota pa 4 Disembala, a Van der Bellen adapambana ndi mavoti pafupifupi 54 mwa 100 alionse, ndipo adalumbiritsidwa pa 26 Januwale 2017. Akuluakulu angapo a m'madera aja adazengedwa milandu, ndipo ena, kuphatikizapo a mumzinda wa Villach, adalipitsidwa chindapusa chifukwa chosayina zikalata zonena zimene sizidachitike. Mu 2023 Nyumba ya Malamulo idasintha ndondomeko kuti mavoti a papositi ofika msanga aziwerengedwa Lamulungu lomwelo pamodzi ndi a m'mabokosi, kuvomereza potero kuti lamulo lakale lidasenzetsa Lolemba katundu woposa mphamvu zake.

Kuno kumwera kwa Africa

M'chigawo chino cha Africa, komwe nyumba zambiri zilibe keyala yofikira kalata, maiko ambiri amene amalola munthu kuvota ali kutali sadalira positi. Amatengera malo ovotera kwa wovotayo. Ku South Africa, ogwira ntchito za chisankho amayendera okalamba, olumala ndi amayi oyembekezera m'makomo mwawo masiku awiri chisankho chisanachitike, monga zidaliri pa 27 ndi 28 Meyi 2024, ndipo amagwiritsa ntchito maenvulopu awiri aja. Nzika zokhala kunja zimavotera m'maofesi a kazembe. Mwayi umenewu udafutukuka pa 12 Malichi 2009 pamene bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula mokomera a Willem Richter, mphunzitsi amene ankagwira ntchito ku Britain, kuti nzika yolembetsa isamanidwe voti chifukwa chokhala kunja. Mozambique idapatula mipando iwiri m'Nyumba ya Malamulo ya nzika zokhala kunja, umodzi wa okhala mu Africa ndi wina wa okhala kwina, ndipo Malawi ndi limodzi mwa maiko amene nzika za Mozambique zimavoteramo. Njira ya ku ofesi ya kazembe imabwezeretsa kachipinda kachinsinsi ndi maso a mboni, koma imasiya kunja munthu amene alibe ndalama yoyendera ulendo wautali kukafika kulikulu.

M'dziko muno mulibe kuvota pa positi, ndipo Amalawi okhala ku Johannesburg, Harare kapena London amene amafuna kuvota amayenera kubwera kumudzi kudzalembetsa ndi kudzaponya voti pamalo pomwe adalembetsera. Komabe vuto la wovota amene sali kwawo lidafika kale pakhomo. Mu Ogasiti 2025, Nyumba ya Malamulo itatha kale nthawi yake, aphungu adaitanidwanso kudzasintha lamulo la zisankho kuti ogwira ntchito za chisankho, achitetezo ndi oimira opikisana athe kuvota pamalo pomwe atumizidwa pa 16 Sepitembala. Mphunzitsi wolembetsa ku Ntcheu amene watumizidwa kukayang'anira malo ovotera kutali ndi kwawo ndi wovota amene palibepo, mofanana ndi msilikali wa mu 1864. Pepala la mtsogoleri wa dziko ndi limodzi kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, koma la phungu ndi la khansala limasiyana dera ndi dera, ndipo apa ndi pamene ndondomeko iliyonse yotere imayambira kuvuta.

Mfundo imene oweruza a ku Austria adatsata si yachilendonso kuno. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu a bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko adafafaniza chisankho cha mtsogoleri cha pa 21 Meyi 2019 atapeza zikalata za zotsatira zofufutidwa ndi Tippex, zina zosakhala zenizeni ndi zina zosasayinidwa moyenera, ndipo bwalo lalikulu la apilo lidagwirizana nawo pa 8 Meyi chaka chomwecho. Nkhaniyo sidali ya mavoti a papositi, koma nayonso idagona pa pepala, siginecha ndi ndondomeko. Ngati tsiku lina aphungu adzavomereze pempho la Amalawi okhala kunja loti azivota komwe ali, lamulo lake lidzayenera kunena yemwe adzasunge mabokosi ku ofesi ya kazembe, oimira zipani amene adzaonerere, ndiponso ngati mavoti adzawerengedwere komweko kapena adzanyamulidwe kubwera ku Lilongwe. Lidzayeneranso kukwanira m'nthawi imene ilipo kale, popeza bungwe la Malawi Electoral Commission limapatsidwa masiku 8 okha kuti lilengeze zotsatira za mtsogoleri wa dziko. Mu 2025, popanda voti ngakhale imodzi yochokera kunja, bungweli lidalengeza pa 24 Sepitembala, tsiku lachisanu ndi chitatu.